Mwana wanga akufuna kuweta njoka: inu amene munawetapo, chinakukokani n'chiyani?

MphunzitsiWapaBoma

Abale, ndibwerekeni nzeru, mutu wanga waima. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza. Mwana wanga wachisamba walemba Fomu 4 chaka chino, pano akudikira zotsatira. Si mwana wosautsa ayi. Mowa samwa, fodya sasuta, kutchalitchi amadzuka yekha. Koma kuyambira chaka chatha pakamwa pake pali nkhani imodzi basi, njoka. Akabwereka foni yanga bandulo yonse imathera pa YouTube, kuonera anthu akudyetsa njoka m'mabokosi agalasi.

Poyamba ndinkati ndi chibwana, zimutha. Ndiye nthawi yokolola tinapita kwa agogo ake ku Bembeke. Pophwasula nkhokwe yakale munatuluka njoka yofiirira, yosakwana mita. Amalume ake atanyamula kale mpini, iye n'kuima pakati, ati musaiphe, iyi ilibe ululu, ndi imene imakudyerani makoswe. Anaikankhira m'ndowa ndi tsache n'kukaitaya kudambo. Agogo ake tsiku limenelo nsima inawakanika. Mpaka lero akandiimbira, asanafunse n'komwe za moyo wanga, amayamba ndi kufunsa kuti mwanayu akuyenda ndi ndani.

Tsopano wandiuza poyera. Ndalama zimene akusunga za ganyu yokumba kachewere akufuna agulire njoka yoweta. Watchula mitundu iwiri, ati corn snake kapena ball python, ndipo wajambula kale m'kope mmene bokosi lake lidzakhalire, ndi miyezo yomwe.

Chimene ndikufuna kumva ndi ichi: n'chiyani chimachititsa munthu wabwinobwino kudzuka tsiku lina n'kunena kuti ine ndiwete njoka? Za galu ndimamva, amalondera pakhomo. Mphaka amagwira makoswe. Nkhunda timadya. Nanga njoka, yoti ngakhale uiitane siingatembenuke? Ngati alipo pano amene anawetapo andiuze zoona, asandinyengerere. Bambo ake sindinawauzebe, ndikufuna ndiyambe ndamvetsa ine.

WakabazaLizulu

Mayi, njoka saweta. Mugulireni mbira ziwiri ndi akalulu, pofika Khirisimasi mudzadyako ndiwo. Komanso mbewa zimene akufuna kumapatsa njokayo ife tikuzifuna, nyengo yake ndi ino ndipo mtengo wakwera kale pamsewu pano.

MlondaKuJoni

Mayi, ine ndili nayo, ndipo ndi corn snake yomwe akunenayo, ndiye ndiloleni nditalikitseko.

Kwathu ndi ku Nsipe, ku Ntcheu. Ndinakula ndikuopa njoka kuposa wina aliyense pamudzi pathu, chifukwa azakhali anga analumidwa ndi mphiri akupalira, ndipo ndinaona ndi maso anga mwendo utatupa mpaka m'ntchafu n'kuyamba kuola. Anapulumuka, koma amatsimphina mpaka lero. Musaganize kuti amene akulembayu anabadwa wolimba mtima.

Nditafika ku Johannesburg ntchito yoyamba inali ya m'gadeni pa nyumba ina. Mnyamata wa pamenepo anali ndi njoka kuchipinda kwake, bokosi lili pafupi ndi windo, ndipo maluwa a pansi pa windo limenelo ndinkawathirira nditaima patali, ndi payipi. Koma mantha amakoka maso. Ndinayamba kusuzumira, ndipo chimene ndinaona n'chakuti kanthuko kakangoona mutu wanga pagalasi kankathawira kunsi kwa khungwa. Ine kuopa iko, iko kuopa ine. Tsiku limene mnyamatayo anandigwiritsa ndinadabwa kuti siiterera monga ndinkaganizira. Ndi youma, yosalala, ndipo umamva mphamvu yake ikuyenda m'manja. Mnyamatayo atapita kusukulu kunja, makolo ake sanaifune, anandifunsa ngati ndingaitenge pamodzi ndi bokosi lake. Ndinavomera ndisanaganize kawiri.

Ndiye chifukwa changa choyamba chinali mantha omwewo. Ndinkafuna kuchiona pafupi chinthu chimene chinandisowetsa mtendere ubwana wanga wonse. Ndipo anthu amene ndimakumana nawo kusitolo kogula chakudya chake, ukawafunsitsa, ambiri amanena zofanana ndi zimenezi. Ena amati anali ana okonda kuvundukula miyala ndi kugwira abuluzi ndi anamzikambe, makolo n'kumawakalipira, ndipo atayamba kulandira malipiro awo anangokagula. Mwana wanu ndikumuika m'gulu limeneli.

China ndi kakhalidwe ka m'tauni. Pano ndine mlonda, shifiti yanga ndi ya maola 12, ndimakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Galu anakaniza. Ngakhale akanalola, galu wotsekeredwa tsiku lonse ndi nkhanza. Njoka yanga imadya mbewa imodzi pa sabata kapena pa masiku 10, imachita chimbudzi kamodzi pambuyo pake, siilira, siifuna kuyendetsedwa, ilibe ubweya. Alipo a mphumu amene mphaka sangamuyandikire, amathera pa njoka chifukwa cha chimenechi. Ukaweruka m'mawa, wekhawekha kudziko la eni, kupeza kanthu kamoyo m'chipinda kamene kakudalira iwe kumathandiza, ngakhale kasakulonjere.

Pamenepa ndisakunamizeni. Njoka siikonda munthu. Imangozolowera fungo lako ndi kagwiridwe kako n'kusiya kudzidzimuka. Amene akufuna chiweto chomuthamangira pachipata asayerekeze. Phindu lake ndi la maso. Ikamafuna kufundula maso ake amachita mbuu, imabisala, imakana kudya, kenaka imakhuza mlomo pa mwala n'kutuluka m'khungu lonse lathunthu, lotembenuka kunja kukhala m'kati, ndi timagalasi ta m'maso tomwe. Imanunkhiza ndi lilime. Pomeza, chibwano cha m'munsi chili ndi mbali ziwiri zosalumikizana ndi fupa kutsogoloku, ndiye imakoka mbewa mbali iyi kenaka mbali iyo mpaka yonse italowa. Ine zaka zapitapo koma ndimaonererabe.

Kulinso ena amene sindigwirizana nawo. Amagula kuti ajambulitse itazinga pakhosi, aike pa Facebook, aopseze atsikana. Enanso amamva kuti ball python za mitundu yachilendo zimagulitsidwa ndalama zambiri, n'kumaona ngati apeza geni. Amenewa satenga nthawi, amatopa nayo. Corn snake imakhala zaka 15 mpaka 20, ball python 20 mpaka 30, zina kuposa pamenepo. Mwana wanu akaitenga lero, adzapita nayo ku koleji? Adzakwatira ili pomwepo? Mufunseni zimenezi, chifukwa akapita yotsala nayo ndinu.

Tsono vuto lalikulu ndi Dedza yanuyo. Njoka siipanga yokha kutentha m'thupi, imadalira malo amene ili. Ball python kwawo ndi kumadzulo kwa Africa, maiko ngati Ghana, Togo ndi Benin, ndipo mbali imodzi ya bokosi imafuna madigiri 31 kapena 32, mbali inayo isatsike kwambiri pa 25. Corn snake ndi ya kum'mwera chakum'mawa kwa America, imapirirako, komabe mbali yofunda imafuna 28 mpaka 30. Inu mukudziwa mmene Juni ndi Julayi amakhalira pansi pa phiri la Dedza, madzi a m'ndowa osagwirika m'mawa. Ikazizidwa chakudya sichigayika, imasanza, imadwala chifuwa n'kufa. Pamafunika kachipangizo kofunditsa pansi pa bokosi, kokhala ndi thermostat, kachida koletsa kutentha kupitirira muyezo, kuti kasaiotche, ndi magetsi osathimathima. Kuno kumazizira nakonso, ndipo nthawi imene magetsi ankazima kawirikawiri ndinkaika botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo. Koma zimenezo n'za usiku umodzi, osati nyengo yonse.

Chakudya nachonso. Kuno timagula mbewa zoyera zoweta, zoumitsa mu fuliji, n'kuzisungunula m'madzi ofunda. Azungu chimene chimawanyansa ndi kusunga mbewa pamodzi ndi nyama yawo, ife a ku Ntcheu pamenepo timangoseka. Koma mbewa zathu zapamsewu zija, zowiritsa ndi mchere, njoka siingadye. Zokumba kumunda zimakhala ndi njoka za m'mimba ndi nthata, ndipo khoswe wa m'nyumba mwina wadya kale poizoni. Ndiye kuti mnyamatayo adzayenera kuweta yekha mbewa zoyera n'kumazipha ndi manja ake. Kuipatsa yamoyo n'koopsa, mbewa imaluma njoka mpaka zilonda. Ndipo chivundikiro chikhale chokhoma, chifukwa corn snake ikapeza kampata koti mutu ulowe, thupi lonse lituluka.

MkuluWampingoKasina

Aphunzitsi, ndawerenga zonse, ndipo mwana wa ku Nsipeyu walankhula mwaulemu ndi mwanzeru. Ine sindinena kuti mwana wanu walodzedwa kapena walowa zachilendo. Mwana woleretsa njoka yopanda ululu kuti isaphedwe ali ndi mtima wabwino. Koma mnzathuyu akukhala ku Joni, kumene woyandikana naye nyumba sadziwa n'komwe dzina lake. Inu mukukhala pakati pa anthu.

Kuno kwathu kunali bambo wina wa chigayo. Pa chigayo pamakhala gaga, pa gaga pamabwera makoswe, ndipo kumene kuli makoswe njoka siilephera. Tsiku lina amayi odzagayitsa anaona njoka ikulowa kunsi kwa matumba. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti bamboyo anakhwimira chuma, njokayo ndi yake, imamulavulira ndalama. Mwana wina atamwalira ndi malungo mwezi wotsatira, zala zonse zinaloza kuchigayo. Anthu anasiya kugayitsa, ndipo bamboyo anasamuka usiku. Ameneyo njokayo sankaiweta n'komwe. Nanga inu, yoti ili m'bokosi, ikudyetsedwa, ikufunditsidwa ndi magetsi?

Lamulo lilipo, la 1911 lija, loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma apolisi amafika denga litapsa kale. Ndipo inu ndinu mphunzitsi, mumasunga ana a eni. Mwana mmodzi akangokomoka m'kalasi mwanu, mudzayankha chiyani kwa makolo?

Achinyamata amaganiza kuti makolo athu njoka ankangoiona ngati mdani. Si choncho. Nsato inkalemekezedwa, inkagwirizana ndi nkhani za mvula, ndipo amene anamvapo za Makewana, mayi wa pa kachisi wa mvula ku Msinja, akudziwa za Thunga, njoka yopatulika ya kumeneko. Koma imeneyo inali nkhani ya dziko lonse ndi akuluakulu ake, osati ya mnyamata m'chipinda chake. Ndiye anthu akaona njoka ili m'manja mwa munthu mmodzi, maganizo awo amathamangira kumodzi basi. Bambo ake auzeni msanga, asadzamvere kwa anthu.

NamwinoKuNtcheu

Achemwali, ine corn snake sikundidetsa nkhawa kwenikweni, ilibe ululu ndipo ikaluma ndi timikwingwirima chabe. Chimene chandiimitsa mtima ndi nkhani ya kunkhokwe ija. Mwina mwana wanu ananena zoona, njoka yofiirira ya m'nkhokwe yokhala ndi timizere toyera m'mbali mwa mutu ilibedi ululu, ndipo imathadi makoswe. Anachitanso bwino kugwiritsa tsache. Koma mnyamata amene walondola kamodzi amayamba kudzikhulupirira, ndipo ulendo wina adzatola ndi manja.

Kuli kanjoka kena kakang'ono, kakuda bii, konyezimira, kokhala pansi pa nthaka, kamene kamatuluka usiku mvula ikagwa. Pa Chingerezi amati stiletto snake. Kamaoneka kopusa, ndipo anthu odziwa njoka pang'ono ndi amene kamawapweteka, chifukwa amakagwira kuseri kwa mutu monga amaonera pa foni. Iko mano ake aululu amatulukira cham'mbali, kamangopotoza mutu n'kubaya chala. Ululu wake umaoletsa mnofu, ena chala chimadulidwa, ndipo jakisoni wopha ululu amene alipo sagwira pa iko. Nalikukuti nayenso alibe jakisoni wake. Ndiye pali mphiri, ndi ija yolavulira m'maso imene imalowa m'nyumba usiku n'kuluma anthu ali m'tulo.

Jakisoni wa njoka ndi wodula ndipo sapezeka paliponse. Si vuto la kuno kokha: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse pa dziko lonse. Popeza mwana wanu njoka sazisiya, aloweze izi pamtima: munthu akalumidwa osamanga chingwe, osatema mphini, osayamwa, osataya nthawi kusaka njokayo. Vulani mphete ndi zibangili, wolumidwayo asayendeyende, mutengereni kuchipatala. Akalavuliridwa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Ndipo ngakhale yoweta yomweyo imanyamula tizilombo ta salmonella, toyambitsa kutsekula m'mimba, ndiye kusamba m'manja ndi sopo n'kosakambirana, makamaka ngati pakhomo pali mwana wosakwana zaka 5.

Za malamulo musaziphonye. Kugwira nyama yakutchire n'kuisunga pakhomo, kapena kulowetsa ina kuchokera kunja, kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo lamulo lake analikhwimitsa kwambiri mu 2017. Ball python ili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, siidutsa m'malire popanda mapepala. Wina akamuuza kuti amubweretsera m'chikwama pa basi kudzera pa boda ya Dedza, ameneyo akumufunira ndende.

Ine ndikanakhala inu, chidwicho sindikanachizimitsa, ndikanachipezera njira. Malawi College of Forestry and Wildlife ili ku Dedza komweko, cha ku Chongoni. Lilongwe Wildlife Centre ndi ulendo wa minibasi imodzi, amasunga nyama zolanditsidwa kwa anthu, ndipo angakaone anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi. Odziwa kuchotsa njoka m'nyumba mosaipha ndi ochepa kwambiri m'dziko muno.

MphunzitsiWapaBoma

Zikomo nonse, ndi inu a kabaza omwe, mwandiseketsa ndili pakati pa nkhawa. Dzulo ndinakhala naye pansi n'kumuwerengera mayankho anu. Pa za kuzizira ndi magetsi anangoti zii, zikuoneka kuti m'kope muja sanaziwerengere. Pa za kanjoka kakuda anati akukadziwa, ndipo ananditchulira dzina lake lachilatini, ine n'kumuuza kuti kudziwa dzina sikubweza chala.

Ndinamufunsa funso langa lomwe lija. Anati kuyambira ali Sitandade 6 ankadabwa kuti anthu amapha njoka iliyonse koma palibe ndi mmodzi yemwe amene angamuuze kuti imadya chiyani, imaikira mazira angati, imagona kuti nthawi yozizira. Akuti aliyense amaiopa koma palibe anaiyang'anitsitsapo. Iye akufuna kuiona tsiku ndi tsiku ndi maso ake, osati pa foni. Sindinayembekezere yankho lotere, ndinkadikira kumva za anzake.

Ndamuuza kuti m'nyumba ya sukulu imene tikukhalayi njoka siilowa, ndipo pamenepo sindisintha. Abambo a ku Kasina, mawu anu ndawamva, bambo ake ndiwauza Loweruka akabwera. Za kolejiyo tikafunsa zotsatira zikatuluka, Biology ndi imene amakhoza kwambiri.

Achimwene a ku Joni, wandituma kuti ndikufunseni. Mukamabwera kumudzi mumaisiya ndi ndani? Nanga kwanu ku Nsipe akudziwa?

MlondaKuJoni

Mayi, ku Nsipe akudziwa mng'ono wanga yekha, ndipo ndinamulumbiritsa. Ndikumanga nyumba ya malata kumeneko ndi ndalama za ulonda, zotuluka thukuta usiku ndi usiku. Anthu atamva kuti ku Joni ndili ndi njoka, nyumba imeneyo sangaitchenso ya ulonda. Pamenepo abambo a ku Kasina sindingawatsutse. Tsiku lobwerera kwathu kokhazikika njokayi idzatsala kuno, ndinapangana kale ndi mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene ali ndi zake ziwiri.

Pa tchuthi cha Disembala sipavuta. Ndimaidyetsa kukatsala sabata kuti ndinyamuke, kuti igaye ndi kuchita chimbudzi ndikadalipo, ndimakonza m'bokosi, n'kudzaza madzi m'mbale yolemera yoti isagubuduze. Njoka yaikulu yathanzi imatha milungu itatu osadya popanda vuto. Mnzangayo amangodzasintha madzi ndi kuona ngati thermostat ikugwira.

Mnyamatayo muuzeni ayambe kulemba m'kope lomwelo njoka iliyonse imene waona kumeneko: tsiku, malo, nthawi, nyengo, ndi chithunzi chojambula ali patali. Zithunzizo angathe kutumiza ku African Snakebite Institute, amathandiza kuzindikira mtundu wake, ndipo ali ndi app yaulere ya pa foni. Bandulo yokha muzimuuza agule ndi ndalama za kachewere zija.